Mmene Alendo Anasandukira Anansi mu Komboni ya George

Ambiri a ife tikamanena kuti kwathu ndi mu George timaiwala kuti makolo amene anayambitsa mpingo uno zaka 50 zapitazo anali alendo okhaokha. Nthawi ya atsamunda munthu wakuda sankaloledwa kukhala mu Lusaka mwaufulu popanda chitupa. Ufulu utabwera mu 1964 njira inatseguka, ndipo anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Petauke, Katete, Mongu ndi Kasama, nadzimangira nyumba za matope pamalo amene boma silinkawawerengera.

Ofika kale sanawalandire ndi manja awiri. Ankaopa kuti ntchito ichepa ndipo zitsime ziuma. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni, ndipo ngongole ya World Bank inabweretsa misewu ndi mipope ya madzi mu George, Chawama ndi Chaisa. Ngalande za mapaipi anakumba ndi anthu eni ake, Mnsenga, Mbemba ndi Mlozi mumzere umodzi, ndipo pakhasupo ndi pamene ambiri anadziwana maina.

Koma chimene chinatimanga kwambiri, monga akulu athu amasimbira, ndi maliro. Mlendo akamwalira abale ake ali kutali, amayi a mumpingo ankasonkha ufa, ndiwo ndi malasha, nagona pamaliropo masiku atatu osafunsa mtundu kapena mpingo wa womwalirayo. Abambo ankanyamula bokosi mpaka ku manda a Chingwere. Mabanja angapo amene lero ndi mizati yathu analowa mumpingo kudzera pakhomo la maliro lomwelo.

Yesero lalikulu linabwera mu Epulo 2016. Anthu angapo ataphedwa modabwitsa kuno ndi ku Zingalume, mphekesera inaloza anansi athu ochokera ku Rwanda, ndipo masitolo awo oposa 60 anathyoledwa mu Lusaka. Tiyenera kunena zoona: ena mwa othyolawo anali ana a m'komboni muno, zidzukulu za alendo a dzana, amene dzulo lake ankatenga shuga pangongole m'masitolo omwewo. Pomwepo panalinso amayi amene anabisa mabanja a ku Rwanda m'zipinda zawo, ndi abambo amene anagona panja kulondera katundu wotsala. Masitolo atatsegulidwanso, amayi omwewo ndi amene anayamba kupita kukagula, masana, anthu onse akuona.