Mphamvu za nthawi ya ngozi: kuchokera ku Kanjedza kufika pa msika wa Ndirande

Gawo 45 la malamulo oyendetsera dziko lino limafotokoza momwe pulezidenti angalengezere State of Emergency, nthawi imene boma limaloledwa kuyamba laimitsa ena mwa maufulu a anthu chifukwa cha nkhondo kapena tsoka lalikulu. Chiyambire 1994 palibe pulezidenti amene anagwiritsapo ntchito gawoli. Wina angaganize kuti atsogoleri athu ndi odziletsa, kapena kuti dziko lakhala pabata zaka zonsezi. Koma njala, madzi osefukira, mliri ndi zipolowe zatipeza kangapo konse, ndipo atsogoleri aletsapo zionetsero, atsekapo sukulu ndi misika, ayesapo kutsekera anthu m'nyumba. Kungoti aliyense anapeza njira yochitira zimenezi popanda kupempha chilolezo ku Nyumba ya Malamulo. Khomo lakumaso tinalikhoma ndi maloko olimba, koma lakuseri tinalisiya chitsegukire, ndipo aphungu a zipani zonse amadandaula za khomo lakuserilo pokhapokha akakhala kumbali yotsutsa.

Pa 3 Marichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency m'dziko lonse la Nyasaland. Mbandakucha wa tsikulo apolisi ndi asilikali anakagwira Dr Hastings Kamuzu Banda kunyumba kwake ku Limbe ndi kumutumiza kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Chipani cha Nyasaland African Congress chinaletsedwa, anthu oposa 1,300 anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ambiri mwa iwo anasungidwa pa kampu ya Kanjedza, pafupi ndi Limbe pomwepa. Anthu 51 anaphedwa, gulu lalikulu ku doko la Nkhata Bay. Chifukwa chimene boma linapereka chinali chakuti pa msonkhano wa kutchire umene unachitika kufupi ndi Blantyre mu Januwale, atsogoleri a Congress anapangana zopha azungu, amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Ku Zomba kunali nyumba ya malamulo ya atsamunda, koma aphungu achikuda anali asanu okha, Bwanamkubwa sanafunikire chilolezo chawo, ndipo mmodzi wa iwo, Henry Masauko Chipembere, anamangidwa nawo. Mkangano weniweni unachitikira ku London. Chipani chotsutsa cha Labour chinapanikiza boma la Harold Macmillan mpaka linatuma woweruza Patrick Devlin kudzafufuza. Lipoti lake la mu Julaye linati chiwembu cha kupha anthu ambirimbiri chija chinalibe umboni wogwirika, ndiponso kuti Nyasaland anali atasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Nanga aphungu a ku London anatani? Anavota motsatira zipani zawo, boma linapambana, ndipo State of Emergency inapitirira mpaka Juni 1960.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu amene anagona ku Gwelo ndi ku Kanjedza ndi omwewo amene anasunga chida chimene chinawapweteka. Atsamunda asanachotse State of Emergency anakhazikitsa lamulo losungitsa bata la 1960, kuti mphamvu zija zisathere pomwepo. Patangopita masabata ochepa dziko litalandira ufulu mu 1964, Kamuzu anafuna kubwezeretsa kumanga anthu popanda mlandu, ndipo iyi inali imodzi mwa mfundo zimene nduna zake zinakana. Nkhaniyo inafika m'Nyumba ya Malamulo pa 8 ndi 9 Sepitembala 1964. Apa ndi pamene aphungu akanatha kuika malire, koma anasankha kuonetsa kuti ali pambuyo pa Nduna Yaikulu. Chipembere atalephera kulanda boma mu Febuluwale 1965, malamulo atsopano anapatsa nduna mphamvu yotsekera munthu aliyense kwa nthawi yosadziwika, ndipo mu 1966 kunabwera lamulo lolanda katundu wa amene boma lamuganizira zoipa. Kamuzu sanavutikenso n'kulengeza State of Emergency, chifukwa mphamvu zake zinali zitalowa m'malamulo a tsiku ndi tsiku. Ndende za Dzeleka ndi Mikuyu zinadzaza. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27. Aphungu eni ake sanapulumuke: mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba ndipo anakaphedwa ku Mwanza. Pofika Meyi 1992, pamene sitiraka ya ogwira ntchito ku fakitale ya David Whitehead inafalikira ku Ndirande ndi m'makwalala a Blantyre, apolisi anawombera ndi kupha anthu oposa 20, ndipo panalibe phungu woti n'kuimirira kufunsa amene analamula.

Amene analemba malamulo a 1994 anali ndi zonsezi m'maganizo, ndipo zikuoneka m'mene anamangira gawo 45. Pulezidenti sangalengeze yekha: ayenera kupeza chilolezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Zifukwa zake n'zowerengeka, nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena tsoka lachilengedwe lofalikira dera lalikulu, ndipo chilengezocho chiyenera kukhudza dera lokhalo kumene kuli vutolo. Chimatha pakapita masiku 21, pokhapokha aphungu okwana magawo awiri mwa atatu a Nyumba yonse avomereze kuonjezera, ndipo sangaonjezere kupitirira miyezi itatu pa nthawi imodzi. Maufulu ena sakhudzidwa zivute zitani: ufulu wokhala ndi moyo, wosazunzidwa, wa chikumbumtima, ndi wopempha khoti kuti lione ngati munthu wamangidwa mwalamulo. Womangidwa m'nthawi yotere abale ake ayenera kudziwitsidwa pasanathe maola 48, dzina lake lisindikizidwe mu Gazette pasanathe masiku asanu, ndipo khoti lione nkhani yake pasanathe masiku khumi. Mfundo iliyonse pamenepa ikuyankha chinthu chimene chinachitikira munthu weniweni pakati pa 1959 ndi 1993. Chachikulu pa zonse ndi magawo awiri mwa atatu aja, chifukwa kawirikawiri chipani cholamula sichiwakwanitsa chokha, choncho chiyenera kukambirana ndi otsutsa.

Kukambirana kumeneko ndi kumene atsogoleri akhala akuzemba. Mu 2002, pamene Bakili Muluzi ankafuna kuimanso kachitatu, analetsa pakamwa chabe zionetsero zonse zokhudza nkhaniyo ndipo analamula apolisi ndi asilikali kuti athane ndi ochita zionetsero. Sanatchule gawo 45, sanapite ku komiti ya chitetezo. Amene anakamutsutsa anali bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi mipingo, ndipo Khoti Lalikulu ku Blantyre linagamula kuti mawu a pulezidenti pa msonkhano si lamulo. Nyumba ya Malamulo inakana bilu yochotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire pa 4 Julaye, koma biluyo inangoperewera mavoti atatu, ndipo amene anaibweretsa anali phungu wa chipani chotsutsa cha AFORD. Bingu wa Mutharika atapeza aphungu ochuluka mu 2009, Nyumbayo inamupatsa lamulo lolola nduna kuletsa nyuzipepala ndi lina lovutitsa kutenga chiletso chotsutsa boma. Pa zionetsero za 20 Julaye 2011 anthu 20 anaphedwa. Bingu atamwalira mu 2012, aphungu omwewo, ambiri atasamukira kale kwa pulezidenti watsopano Joyce Banda, anafafaniza malamulo aja mosavuta.

Njira ina yozembera inachokera ku lamulo limene cholinga chake chinali chabwino. Madzi atakokolola midzi ku Phalombe mu 1991, boma linakhazikitsa lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi, lopatsa pulezidenti mphamvu yolengeza State of Disaster popanda kupempha chilolezo kwa aphungu. Pa njala ya 2002 ndi 2005, ndi pa madzi osefukira a 2015 ndi 2019, chilengezochi chinali chida chopemphera thandizo, ndipo palibe amene anakangana nacho. Zinthu zinasintha mu 2020. Pa 3 Febuluwale khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndi kulamula chisankho china. Pa 20 Marichi pulezidenti Peter Mutharika analengeza State of Disaster chifukwa cha Covid-19, matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno, ndipo pa 14 Epulo boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, potsamira malamulo amene nduna ya zaumoyo Jappie Mhango inasaina. Otsutsa anaona kuti ndi njira yozengereza chisankho. A chipani cholamula cha DPP anati otsutsa akuseweretsa miyoyo ya anthu. Koma amene anayankha msanga anali mavenda. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Ndirande amapikula m'mawa, madzulo n'kugula walkman wa ufa ndi kamulu ka makala. Wa kabaza ku Bangwe ndi woitanira minibasi ku Machinjiri nawonso amadya za tsiku lomwelo, ndipo madzi amakagula pa kiyosiki. Boma linawauza kuti akhale m'nyumba masabata atatu osanena chimene adzadye. Anatuluka m'misewu ku Ndirande, ku Limbe ndi ku Mzuzu. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, atapemphedwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC pamodzi ndi aphungu awiri a chipani chotsutsa cha MCP, Esther Kathumba ndi Monica Chang'anamuno. Thandizo la K35,000 pa mwezi kwa mabanja a m'mizinda linalengezedwa chiletsocho chitaperekedwa kale. Mu Sepitembala khoti linagamula kuti m'bindikirowo unali wosemphana ndi malamulo, chifukwa kuimitsa maufulu mwa njira imeneyo kumatheka pokhapokha potsatira gawo 45. Taonani kuti aphungu awiri aja anakapeza yankho kukhoti osati m'Nyumba imene anasankhidwira.

Pa nthawi ya chigamulocho mipando inali itasinthana. Lazarus Chakwera anapambana chisankho cha 23 Juni, ndipo mu Ogasiti boma lake linaletsa misonkhano ya anthu oposa khumi, mpaka mipingo itadandaula. Pa 12 Januwale 2021, tsiku limene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19, analengeza State of Disaster, ndipo patapita masiku ochepa kunabwera lamulo loletsa kuyenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, misika n'kumatsekedwa 5 koloko madzulo. Mliri unalidi utavuta, koma njira inali yomwe ija: nduna kusaina, apolisi kukakamiza. Za momwe K6.2 biliyoni ya Covid-19 inayendera tinazimva ndalamazo zitadyedwa kale.

Pali zotsutsa zimene siziyenera kunyozedwa. Choyamba ndi changu. Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mitsinje n'kusefukira ku Ndirande ndi ku Machinjiri, panalibe nthawi yoitanitsa aphungu ku Lilongwe, ndipo Chakwera anachita bwino kulengeza pa 13 Marichi. Koma kufukula anthu, kutumiza asilikali ndi kutsegula makampu m'sukulu sikufuna kuimitsa ufulu wa munthu aliyense. Chimene chimafuna chilolezo ndi kutseka msika, kuletsa kuyenda, kusamutsa anthu mokakamiza ndi kusuntha mabiliyoni, ndipo ngakhale pamenepo gawo 45 limapereka masiku 21 oyamba ndi chilolezo cha komiti imodzi yokha. Chachiwiri n'chakuti aphungu athu angagwiritse ntchito mphamvuyi pofinya boma, monga anachitira mu 2007 ndi 2008 pamene bajeti inachedwa chifukwa cha mkangano wa gawo 65 lokhudza aphungu osintha zipani. Zoopsazo zilipodi. Komabe phungu wokana njira yothana ndi mliri amavota poyera, dzina lake limalembedwa, ndipo amakakumana ndi omuvotera; nduna yosaina mu ofesi sikumana ndi wina aliyense. Chachitatu, ena amati makhoti akukwanira. Makhoti athu achitadi zazikulu, koma amadikira wina wokhala ndi loya kuti akadandaule, amatha kuletsa koma sangagawe ndalama za chimanga, ndipo nawonso amagwedezeka: mu Juni 2020 boma linayesa kutumiza Mkulu wa Oweruza Andrew Nyirenda kutchuthi chopumiratu chisankho chitatsala masiku ochepa.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la ngozi m'malo mwa lija la 1991, koma lamulo la zaumoyo limene nduna zinatsamira mu 2020 ndi 2021 linachokera kwa atsamunda mu 1948. Chofunika n'chakuti lamulo lililonse lotseka msika, loletsa kuyenda kapena kusonkhana, kaya lipatsidwe dzina lanji, lizitha lokha pakapita masiku 21 ngati aphungu sanalivotere, ndipo boma lizinena pa tsiku loyamba chimene anthu otsekeredwawo adzadye. Chipani cholamula sichingabweretse bilu yotere mwa kufuna kwake, ndipo otsutsa amaiwala akangolowa m'boma. Inu a ku Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe, phungu wanu akabwera pa maliro kapena pa msonkhano, mufunseni ngati angaibweretse, ndipo mumuuze kuti mukufuna yankho ngozi ina isanagwe.