Maphunziro a pa intaneti ndi kukonzekera ntchito

Aula online ndi phunziro lomwe mphunzitsi amapereka pa Zoom kapena Google Meet, ophunzira n'kumamvera ndi kufunsa nthawi yomweyo pa foni kapena kompyuta.

Kuno ku Mozambique njirayi inafala kuyambira pa 23 Marichi 2020, pamene boma linatseka masukulu onse chifukwa cha Covid-19. Ophunzira a UniLicungo ku Quelimane ndi a UniZambeze ku Mocuba anabwerera kwawo. Wa ku Milange kuno ankadalira mega a Movitel kapena Vodacom, ndipo netiweki ikadula, phunziro limapitirira iye kulibe.

Ubwino ulipo ndithu. Wophunzira wotere amazolowera kutumiza malipoti pa imelo ndi kuyankhula pa msonkhano wa pa kanema, zomwe maofesi ndi mabungwe amafuna masiku ano. Makolo nawonso salipira lendi ya m'tauni.

Koma ntchito ya manja siyiphunziridwa pa foni. Wophunzira zaulimi ku Mocuba ayenera kugwira dothi, kusanthula tsamba la chimanga lodyedwa ndi mbozi, kuyeza nandolo pa sikelo, ndi kuyankha mlimi wamkulu amene wamufunsa m'munda. Mlangizi amene mbozi anaiona pa chithunzi chokha, alimi amamutulukira tsiku loyamba lomwe.

N'chifukwa chake estágio, nthawi yophunzirira ntchito pa malo a ntchito, ndiyofunika kwambiri. Musanagulitse soya kuti mulipirire mwana, funsani ngati kosiyo ili ndi estágio, komanso ngati inavomerezedwa ndi CNAQ, bungwe loyesa maphunziro a ukachenjede m'dziko muno.