Bungwe la Anthu 70 la Amormoni: Mbiri Yake ndi Zimene Akatekisiti Ayenera Kudziwa

Akhristu athu ambiri a ku Chikangawa, ku Mzimba boma ndi ku Jenda amapita ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhalenso ku Joni kukafuna ntchito. Kumeneko amakumana ndi anyamata ovala malaya oyera, oyenda awiriawiri. Awa ndi amishonale a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, umene ambiri amautcha wa Amormoni. Taona kuti nkoyenera kufotokoza mbiri ya bungwe limene lakhala likuyang'anira utumiki wawo.

Mpingowu adauyambitsa Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York ku America. Mu Febuluwale 1835, ku Kirtland m'chigawo cha Ohio, iye adatsogolera kusankhidwa kwa anthu 12 amene adatchedwa atumwi. Kenaka, pa 28 mwezi womwewo, adakhazikitsa Bungwe la Anthu 70, potsanzira ophunzira amene Ambuye adawatuma awiriawiri pa Luka 10:1. Udindo wawo udali kulalika kumaiko akutali pansi pa atumwi aja, ndipo ankatsogoleredwa ndi apulezidenti 7.

Smith ataphedwa mu 1844, Brigham Young adachulukitsa magulu otere. Kwa zaka zoposa 100, apulezidenti 7 aja okha ndiwo ankawerengedwa pakati pa akuluakulu a mpingo wonse. Mu 1975 Spencer W. Kimball adayamba kumanganso gulu loyamba kuti likhale la atsogoleri a dziko lonse lapansi. Mu 1986 magulu a m'madera adathetsedwa, mu 1989 kudabadwa gulu lachiwiri, ndipo mu 1997 adaonjezera ena atatu. Lero mamembala ake amayang'anira zigawo zikuluzikulu za dziko, pamodzi ndi mamishoni amene ali m'menemo.

Kufikira chaka cha 1978, anthu akuda sankaloledwa kulandira unsembe mumpingowu. Patapita zaka, Joseph Sitati wa ku Kenya adalowa m'gulu loyamba mu 2009, ndipo Edward Dube wa ku Zimbabwe adatsatira mu 2013. Mu 2011 adatsegula mishoni ku Lusaka yoti isamalire Zambia ndi Malawi.

Ngakhale maina akufanana ndi athu, tanthauzo lake nlosiyana. Ife Akatolika timakhulupirira kuti udindo wa Atumwi wafika kwa Aepiskopi mosadukiza kudzera m'kusanjika manja. Iwo amaphunzitsa kuti udindowo udatayika padziko mpaka pamene udabwezeredwa kwa Smith. Amaphunzitsanso kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu olekana, zimene sizigwirizana ndi chikhulupiriro cha Utatu Woyera. Nchifukwa chake pa 5 Juni 2001, Likulu la Mpingo ku Roma, movomerezedwa ndi Papa Yohane Paulo Wachiwiri, lidalengeza kuti ubatizo wawo si ubatizo weniweni wachikhristu.

Motero, akatekisiti athu okondedwa, munthu wochokera kumpingowu akafuna kukhala Mkatolika, alembedwe m'kalasi ya akatekumeni ndipo adzabatizidwe. Mkatolika wofuna kukwatirana ndi wa mpingowu ayambe waonana ndi bambo mfumu, pakuti ukwati wotere umafunika chilolezo chapadera cha Ambuye Episkopi. Amishonalewo akafika pakhomo, tiwalandire mwaulemu monga alendo, koma tikudziwa bwino chimene timakhulupirira.