Tsala nalonso lili ndi mwini wake

Mu 1891 boma la Portugal linapereka dera lonse la pakati pa nyanja ya Niassa ndi nyanja yamchere kwa kampani ya Companhia do Niassa, mafumu a Ayao, Anyanja ndi Amakuwa osafunsidwa. Kufikira 1929 kampaniyo inkadya msonkho wa nyumba ndi thukuta la chibalo, mwakuti mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland. Maganizo oti dziko limene mzungu sanalilembe m'buku lilibe mwini sanathe ndi utsamunda. Anabweranso mu 2009, pamene maboma a Mozambique, Brazil ndi Japan anagwirizana za ProSavana, ndondomeko ya ulimi waukulu m'maboma 19 a ku Mozambique, kuphatikizapo Cuamba, Mandimba ndi Ngauma, ponena kuti kumeneko malo angokhala.

Malowo sanangokhala. Munda umene wamera thengo ndi tsala, ukupuma, ndipo mwini wake amadziwa mtengo umene uli pa malire. Dambo looneka lachabe m'dzinja ndilo dimba la m'chilimwe, pamene mayi amakumba chitsime chofika m'chiuno n'kuthirira mpiru ndi chimanga chachiwisi. Madzi a ena mwa madambowa amadyetsa nyanja ya Amaramba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, choncho wotenga dambo watenganso nsomba za msodzi wa kumunsi. Lamulo la malo la ku Mozambique la 1997 linavomereza zimenezi: nthaka ndi ya boma, koma anthu okhalapo mwa mwambo ali ndi ufulu ngakhale alibe chikalata, ndipo ayenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa wina.

Ena amati khasu silingachotse umphawi, ndipo mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Zoonadi zokolola n'zochepa, ndipo alimi akufuna mbewu zabwino, misewu ndi misika. Koma pamene bungwe la alimi la UNAC ndi anzake analembera atsogoleri a mayiko atatuwo kalata mu 2013, sanakane chitukuko. Anakana kukonzeredwa tsogolo kuseri. ProSavana inatha mu 2020, ndipo phunziro lake n'lakuti kufunsa kwenikweni si msonkhano wa tsiku limodzi pabwalo la mfumu. Ndi kupatsa mudzi wonse, amayi olima madimba ndi asodzi omwe, mphamvu yoyankha kuti ayi, ndipo yankholo lilemekezedwe.