Wothyola tiyi asayankhule ngati wowerenga nkhani pa wayilesi

M'buku la nkhani yaitali mumamveka mawu amitundu iwiri: a mlembi amene akufotokoza, ndi a anthu amene wawaika m'nkhanimo. Oyambawo amamvera malamulo a kalembedwe. Achiwiriwo woweruza wake ndi khutu. Alembi athu ambiri achinyamata amasemphanitsa zimenezi. Pamene akufotokoza okha amalekerera Chingerezi kulowa m'ziganizo, koma akafika pa mpangankhani amamuveka Chichewa chochapa ndi kusita, choti munthu wamoyo sanachiyankhulepo pamsika ngakhale pamaliro.

Ine cholembera chofiira sindichita nacho manyazi, ndi ntchito yanga. Koma pali malo m'buku pamene mkonzi ayenera kuchibweza m'thumba.

Mphunzitsi wina wa kwa Nsabwe, kuno ku Thyolo, adanditumizira zolemba zake kuti ndizione. Nkhani yake ndi yabwino ndithu: mayi amene nthochi zake zatha ndi chisaka, wanyamuka kukafuna ntchito ku esiteti nthawi ya mvula tiyi ataphukira. Mlembiyo ntchito ya masamba amaidziwa. Dengu kumsana, mame onyowetsa chitenje mpaka m'chiuno, mzere wa pasikelo, kalaliki akulemba makilo, zonse zili m'malo mwake. Tsoka lili pamene mayiyo atsegula pakamwa. Akumuuza kapitawo kuti: "Mmawa wabwino, bwana. Ndapanga chiganizo chosiya ntchito chifukwa malipiro anga sakukwaniritsa zosowa za banja langa."

Palibe liwu lolembedwa molakwika pamenepa, komabe chiganizo chonse ndi bodza. Mmawa sitiufunirana ubwino, timafunsana mmene tadzukira. Chiganizo sitipanga ngati mpando. Timaganiza, timatsimikiza mtima, kapena timangoti basi. Ndiponso mayi wa kumudzi sangam'thire kapitawo nkhani kumaso chotero. Ayamba wanyonyomala pang'ono, manja pamodzi, kenaka: "Pepanitu akapitawo. Dengu lonseli makilo ake omwewa? Nanga ana aja adya chiyani? Ine mawa musandiwerengere." Sanatchule malipiro, sanatchule kusiya ntchito, koma kapitawo wamva zonse, ndipo wowerenga wamuona mayiyo ndi maso.

Vuto lachiwiri ndi lakale kuposa la Chingerezi chobisala m'ziganizoli. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa 1968 udasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa ndi kuchiika kukhala chiyankhulo cha dziko. Mu 1972 kudabwera Chichewa Board, imene idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nkuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Bungweli lidalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996. Ntchito imeneyi ndimailemekeza. Popanda iyo bwenzi aliyense akulemba zake. Koma muyeso wake udatsamira ku Chichewa cha m'chigawo chapakati, ndipo ana a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adakula akumva kuti mayankhulidwe a makolo awo ndi Chichewa chothyoka. Mwana wotere akakula nkuyamba kulemba buku, amachita manyazi kuwayankhulitsa agogo ake mmene ankayankhulira. Amaiwala kuti Chimang'anja chidalowa m'mabuku kalekale: David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre adatulutsa mtanthauziramawu wake wa Chimang'anja mu 1892, zaka 80 Chichewa Board isanabadwe.

Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, atalemba Nthondo, buku lomwe lidapata mphotho pa mpikisano wa ku London nkusindikizidwa mu 1933, adalemba anthu a kwawo ndi lilime la kwawo. John Gwengwe adachita chimodzimodzi mu Sikusinja ndi Gwenembe. Choti titengere kwa akuluakuluwa si mawu awo enieniwo ayi, koma khutu lomwe adamvera nalo anansi awo. Wolemba za kwa Nsabwe akawayankhulitsa anthu ake ngati a ku Dowa, ndiye kuti Ntara sanamumvetse.

Tsono tichite bwanji? Anthu ambiri a kuno amati "kumuzi", "mazi", "siku", "msikana", pamene buku la sukulu limati kumudzi, madzi, tsiku, mtsikana. Kodi tilembe choncho? M'kamwa mwa mpangankhani, inde, koma mwakamodzikamodzi. Mukatsatira katchulidwe liwu ndi liwu tsamba lonse, wowerenga atopa, ndipo choipa kwambiri ayamba kumuseka munthu amene inu mumafuna kuti amumvere chisoni. Tazolowera kale m'masewero kuti woyankhula Chichewa chachigawo ndiye chitsiru cha nkhaniyo. Chizindikiro cha kwawo kwa munthu chimakhala bwino chikabisala m'mawu aubale ndi aulemu. Kuno mbale wamwamuna ndi achimwene, wamkazi ndi achemwali, mlongo wa amayi ndi amalume osati atsibweni, ndipo agogo aakazi ena amawatcha anganga. Mpongozi satchulidwa dzina. Mkazi potchula mwamuna wake pagulu amati "bambo a kunyumba" kapena kutchula dzina la mwana. Komanso kumbukirani kuti kuno mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Mukamulemba akuthamangitsa mkazi pamudzi wa eni mbumba, anthu a ku Thekerani alitseka bukulo.

Za Chilomwe ndichenjeze pang'ono. Makolo a anthu ambiri a m'boma lino adachokera ku Mozambique, ndipo thukuta lawo ndi limene lidakuza minda ya tiyi. Lero ambiri amayankhula Chichewa tsiku lonse, Chilomwe chidatsalira kwa achikulire, ngakhale Mulhako wa Alhomwe wayesetsa kuchidzutsa kuyambira 2008. Nkhalamba ya m'buku mwanu itha kutulutsa liwu la Chilomwe ikakwiya kapena ikamalira. Koma liwulo mukalitenge kwa mwini wake, akutchulireni, mulilembe iye akuona. Chilomwe chongopeka ndi chipongwe.

Pamene mukufotokoza nokha, apo ndiye cholembera changa chimatulukanso. Sankhani pakati pa "adapita" ndi "anapita" ndipo musasinthesinthe m'ndime imodzi. Pali njira ina yokoma: wofotokoza agwiritse -da-, anthu ake a kummwera azinena -na- monga amachitira, ndipo wowerenga adzasiyanitsa mawu awiriwa osauzidwa. Chotsani "iye" amene mwamudzala pa chiganizo chilichonse. Mneni wa Chichewa amanyamula kale mwini ntchito, ndipo "iye" timamusungira pamene tikusiyanitsa munthu ndi mnzake. "Dengu lidanyamulidwa ndi mayiyo" ndi Chingerezi chovala chitenje. Mayiyo adanyamula dengu, basi. Anthu anu asamagwe m'chikondi, azikondana. Ndipo musaope mvekero. Mlembi amene walemba kuti kunja kunali chete kwambiri ndiponso mdima wochuluka wataya mawu asanu ndi awiri pamene "kunja kuli zii, mdima bii" zikadakwana.

Miyambi nayo yatipweteka. Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, m'zaka za m'ma 1980, adatcha mabuku awo ndi miyambi, Madzi Akatayika Saoleka ndi Ikakuona Litsiro Sikata, ndipo zidawakhalira. Otsatira awo ena adaganiza kuti Chichewa chakupsa ndi kuunjika miyambi itatu pa ndime. Mwambi uli ndi mwini wake ndi nthawi yake. Nyakwawa pabwalo iuponya, mnyamata wa kabaza pokangana za chenji sauponya, ndipo akauponya amakhala akunyoza.

Nkhani zoti zilembedwe kuno sizisowa. Pali thangata, imene inkakakamiza anthu okhala pa malo a azungu kulipira malowo ndi ntchito. Pali zipolowe za mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya chidayamba, pamene mkwiyo wa za malo udaphulika m'boma lino. Pali maesiteti ngati Satemwa, imene idayamba mu 1923, ndi midzi yopanikizana m'mphepete mwake. Wolemba za nthawi imeneyo ali ndi ntchito ina yapadera: liwu lililonse lili ndi chaka chake chobadwa. Munthu wa mu 1953 sangadandaule za "ufulu wachibadwidwe" kapena "kupititsa patsogolo chitukuko". Amenewo ndi mawu a misonkhano ya masiku ano. Iye adandaula za msonkho, za munda umene adalandidwa, za mlonda amene adam'gwira ndi nkhuni. Malipiro ake awerengedwe m'masheleni ndi mapeni, chifukwa kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971. Ndipo mzungu wa m'bukulo akamalemba kalata, pamwamba pake alembe Cholo, pakuti ndi mmene iwo ankalembera dzina la boma lino.