Mbiri ya Zilembo Ziwiri: AT

M'chaka cha 1981 kampani ya Dennis Hayes ndi Dale Heatherington, ya ku Georgia m'dziko la America, idayamba kugulitsa chipangizo chotchedwa Smartmodem. Modemu ndi chipangizo chimene chimanyamula uthenga wa kompyuta ndi kuuyendetsa pa lamya. Mamodemu adalipo kale, koma ambiri adali osamva lamulo. Munthu ankaimba yekha nambala ndi chala, ndipo akamva kulira kwa makina a kutsidya ankasanjika chomvera cha lamyayo pa modemu. Amuna awiriwa adafuna kuti kompyuta iziimba yokha.

Chovuta chidali njira yolankhulirana. Kompyuta ndi modemu zinkalumikizana motsata pangano la RS-232, limene lidakhazikitsidwa mu 1960. Pa pangano limeneli tizidutswa ta uthenga timayenda mondondozana, kamodzikamodzi, monga anthu owoloka pa ulalo wa mtengo umodzi. Tsono ngati lamulo ndi uthenga zidzera pa ulalo womwewo, modemu ingadziwe bwanji kuti mawu awa ndi ake, awa ndi ongopereka kutsogolo?

Yankho lawo lidali lanzeru ngakhale lidali losavuta. Lamulo lililonse liyenera kuyamba ndi zilembo AT, chidule cha liwu la Chingerezi lotanthauza kuti "tchera khutu". ATD lidali lamulo loimba nambala, ATH lodula lamya. Modemu ikamva inkayankha kuti OK, ikapanda kumva inkati ERROR. Lamya ikalumikizika, modemu inkaleka kumvera malamulo, nkumangopititsa zonse zimene yapatsidwa. Pofuna kuiitananso, kompyuta inkakhala chete kwa sekondi imodzi, kenaka nkutumiza zizindikiro zitatu izi +++, nkukhalanso chete sekondi ina. Kukhala chete kumeneku ndiko kudali mtima wa nzeru yonseyo, pakuti zizindikirozo zikhoza kupezeka mwangozi m'kati mwa kalata, koma osati pakati pa bata liwiri. Mu 1985 boma la America lidavomereza kuti luso limeneli ndi la kampaniyo, ndipo ofuna kuligwiritsa ntchito ankalipira. Makampani ena pothawa malipirowo adachotsa batalo, motero mamodemu awo ankatha kudula lamya okha akakumana ndi zizindikirozo m'kati mwa uthenga.

Kampani ya Hayes idagwa ndi ngongole mu 1998, ndipo katundu wake adagulitsidwa mu 1999. Koma chilankhulo chake chidali chitawoloka kale nyanja. Bungwe la ETSI la ku Ulaya, pokonza malamulo a mafoni am'manja a GSM m'zaka za m'ma 1990, silidapeke chilankhulo chatsopano. Lidangowonjezera mawu pa chakalecho. Motero AT+CSQ amafunsa mphamvu ya netiweki, pamene AT+CMGS amatumiza uthenga wa SMS.

N'chifukwa chake lero kaubongo kakang'ono ka makina, kamene amisiri amakatcha microcontroller, kakafuna kuuza mwini galimoto kumene galimoto yake ili, kamalankhula ndi modemu ya foni m'mawu a 1981. Mawaya atatu amakwanira. Wotumizira wa mbali iyi, TX, amapita ku wolandirira wa mbali inayo, RX, ndipo winayo chimodzimodzi. Wachitatu, GND, amagwirizanitsa muyezo wa magetsi. Ophunzira ambiri amalumikiza TX ndi TX mnzake, nkumadabwa kuti modemu siyankha, osazindikira kuti ayang'anitsa pakamwa ndi pakamwa popanda khutu. Magetsinso amafuna kusamala: RS-232 imafika mavoti 15, pamene kaubongoka kamagwira ntchito ndi mavoti 3.3 kapena 5, ndipo kakhoza kupsa.

Mbali ziwirizo ziyeneranso kugwirizana liwiro. Muyezo wake ndi baud, dzina lokumbukira Émile Baudot, Mfalansa amene adapeka njira yake ya telegalafu m'zaka za m'ma 1870. Smartmodem yoyamba inkayenda pa 300. Zipangizo zamakono zimakonda 9600 kapena 115200. Mbali imodzi ikathamanga kuposa inzake, m'malo mwa OK pamaoneka zilembo zosokonekera zopanda tanthauzo.