Daniel Kachamba asanakumane ndi Kubik

Ambiri akamafotokoza mbiri ya Daniel Kachamba amayambira mu 1967, chaka chomwe Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, adamupeza akuimba mumsewu ku Blantyre pamodzi ndi mng'ono wake Donald. Ine kuyambira pamenepo kumandivuta. Mnyamata wa zaka 20 woimitsa anthu odutsa ndi gitala sanayambe dzulo kuimba.

Daniel adabadwa mu 1947. Mu 1957 banja lawo lidapita ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, monga ankachitira anthu ambiri akuno ofuna ntchito, ndipo lidabwerera mu 1961. Zaka zinayi zimenezi ndiye sukulu yake yeniyeni. Nthawi imeneyo kwela ya ku Johannesburg inali itafala m'malokeshoni, akatswiri onga Spokes Mashiyane akuliza kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo. Daniel adamvetsera, naphunzira, nabwera nazo ku Singano, pafupi ndi Chileka.

Ife a ku Mwanza siziyenera kutidabwitsa zimenezi. Msewu wochokera ku Harare kudzera ku Tete ndi Zobue umalowera pakhomo pathu, ndipo obwerera kumudzi sankanyamula njinga ndi mabulangete okha. Ankabweranso ndi nyimbo m'makutu.

Chomwe chimandisangalatsa ndi chakuti sadangokopera. Ku South Africa kwela idayamba kuzirala m'zaka za m'ma 1960 mbaqanga itatenga malo, koma ku Chileka idaphuka mwatsopano: Daniel pa gitala, Donald pa chitoliro, bezi ya chingwe chimodzi ikugunda pansi, mawu ambiri ali m'Chichewa. Mayimbidwe onga sinjonjo adali atakhwima kale m'manja mwawo mlendoyo asanatulutse makina ake ojambulira.

Sindikunyoza Kubik ayi. Adajambula nyimbo zawo, adawathandiza kukaimba kunja mu 1972, ndipo mu 1974 lidatuluka buku lake lotchedwa The Kachamba Brothers' Band. Popanda iye, bwenzi zambiri zitatayika. Koma kusunga chinthu n'kosiyana ndi kuchibala, ndipo zimandiwawa kuti zambiri zomwe adajambula zikusungidwa ku Vienna, kutali ndi achinyamata oimba gitala m'misika yathu.

Daniel adamwalira mu 1987, ali ndi zaka pafupifupi 40. Donald adapitiriza kuimba kwela mpaka pomwe adatisiya mu 2001.